Kodi zojambula za Park Dae-sung n'zamakono, kapena n'zakale zongokulitsidwa?

Wapenti_wa_Limbe
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali mkulu wina wa ku South Korea, Park Dae-sung, amene zojambula zake zinazungulira ku America mu 2022, kuyambira ku nyumba yoonetsera zaluso ya LACMA ku Los Angeles mpaka ku Hood Museum ya pa koleji ya Dartmouth. Kulikonse akumutama kuti ndi wojambula wamakono amene wadzutsa luso la makolo a ku Korea. Ine zithunzi zake ndaziyang'ana pafoni mpaka maso kuwawa, koma chimene ndikuona ndi mapiri, mitengo ya paini, kachisi wa Abuda ndi nkhungu, zonse za inki yakuda papepala. Zoterezi anthu a kumeneko akhala akujambula kwa zaka mazanamazana. Ndiye zamakono zake zili pati? Kapena masiku ano ukangojambula zakale papepala lodzaza khoma basi wasanduka wamakono? Ine ndimadyera burashi, ndimalemba zikwangwani ndi kujambula pansalu, choncho musandiyankhe zoti luso silifotokozeka. Ndifotokozereni.

Mbewe_Joni
Achimwene mwadzuka ndi ndewu lero. Chinthu cha mamita angapo mwachionera pa kafoni kolowa m'thumba la malaya, ndiye mukuti mwachiona?

Wapenti_wa_Limbe
Ndiye mundigulire tikiti ya ku Seoul, a Mbewe. Marandi muli nawo.

NaPhiri_Daegu
A Mbewe akuseka koma mfundo yawo ndi yoona. Ine ndili pasukulu kuno ku Daegu, ndipo Gyeongju, kumene mkuluyu amakhala, si kutali. Kumeneko kuli Solgeo Art Museum, imene inatsegulidwa mu 2015 iye atapereka ku mzindawo zinthu 830, zojambula zake komanso zina zimene anasonkhanitsa. Ukalowa m'chipinda chachikulu, chinthu choyamba chimene chimakuchitikira n'chakuti sudziwa poima. Ukayandikira umaona timizere tating'ono ta matailosi a denga ndi singano za paini, zowerengeka chimodzichimodzi. Ukabwerera m'mbuyo timizere tija timasowa, umangoona zimiyala zakuda bii zitakuzinga.

Ndipo mapiri ake saima chilili monga a m'zithunzi zakale zimene a Wapenti akunena. Amawapinda. M'zojambula zake zina za mapiri a Geumgang nsonga zimapendekera kunja mozungulira, monga zimaonekera pa kamera ya fisheye, moti umamva ngati uli m'mwamba ukusuzumira m'chigwa, pomwe mbali ina ya chithunzi chomwecho ukuyang'ana thanthwe uli pansi pake. Zojambula zakale zambiri zinali zoti munthu afunyulule pamphasa, aone ali khale ndi anzake awiri kapena atatu, kenako apinde n'kusunga. Za Park n'zoti uziyendere ndi miyendo. Kwa ine kusiyana kumayambira pamenepo.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga NaPhiri wafotokoza bwino, koma funsoli silingayankhidwe tisanabwerere kwa Jeong Seon, amene anabadwa mu 1676 n'kumwalira mu 1759. Iye asanatchuke, ojambula ambiri a mu Joseon, ufumu wakale wa ku Korea, ankajambula mapiri a m'maganizo, potsata zitsanzo zochokera ku China. Munthu ankajambula phiri limene kulibe padziko lapansi ndipo palibe ankadabwa, chifukwa cholinga chinali kusonyeza malo amene mtima wa munthu wophunzira ungakonde kukapumako. Chojambula chotchuka cha An Gyeon cha mu 1447 ndi cha loto limene mwana wa mfumu, Anpyeong, analota. Lero chili ku Tenri University ku Japan, koma imeneyo ndi nkhani ina yopweteka kwa anthu a ku Korea.

Jeong Seon anatenga burashi n'kupita kumapiri enieni a dziko lake. Kajambulidwe kameneka amakatcha jingyeong sansuhwa. Mu 1751, ali nkhalamba, anajambula phiri la Inwang la mu Seoul mvula itangokata. Miyala ya phirilo ndi yotuwa, koma iye anaipaka inki yakuda yochindikala kuti uone kulemera kwa mwala wonyowa. Ndipo mu 1734 anali atajambula kale mapiri onse a Geumgang atawasonkhanitsa m'chizungulire chimodzi ngati akuwaonera kumwamba, miyala yosongoka mbali ina, zitunda za mitengo mbali ina. Ndege kunalibe, droni kunalibe. Amene wagwirapo ndalama ya pepala ya ku South Korea ya 1000 won aone kumbuyo kwake, chithunzi chimene chilipo ndi cha Jeong Seon yemweyo. Park amayenda m'mapazi a munthu ameneyu.

Wapenti_wa_Limbe
Aphunzitsi, zikomo, koma mwandipatsa nkhwangwa ndi manja anu. Ngati kupinda mapiri ndi kuwaonera kumwamba zinachitika kale mu 1734, ndiye chimene achemwali a ku Daegu akutcha chamakono chili ndi zaka pafupifupi 300. Chatsala n'kukula kwa pepala basi.

Kachere88
Ine ndili mbali ya a Wapenti. Tisamanamizane, kutchuka kuli ndi eni ake. Munthuyu anachita chionetsero chachikulu ku Hoam Gallery mu 1988, ndipo Hoam ndi ya banja la Samsung. Malemu Lee Kun-hee, amene anali mkulu wa Samsung, ankagula zojambula zake. Kenako RM wa gulu loimba la BTS anapita kukaona zojambula zake n'kuika zithunzi pa Instagram, achinyamata n'kuyamba kukhamukira ku zionetsero zake. Ikani pamodzi ndalama za Samsung, dzina la BTS ndi njala imene dziko lili nayo ya chilichonse cha ku Korea, muona kuti ngakhale wojambula wamba akhoza kufika ku Los Angeles.

Mbewe_Joni
Wojambula wamba? Inu munajambulapo chani chimene tingaone?

Kachere88
Sindiyenera kukhala wophika kuti ndidziwe kuti ndiwo zapsereza.

NaPhiri_Daegu
A Kachere, zaka muziike m'ndondomeko yake. Park anapambana mphoto yaikulu pa mpikisano wa JoongAng mu 1979, Hoam isanamuitane, RM asanabadwe n'komwe. Ndipo anapambana alibe digiri, m'dziko limene zaluso zinkayendetsedwa ndi anthu a ku Seoul National University ndi Hongik, aphunzitsi akukoka ophunzira awo. Iye analibe womukoka.

Anabadwa mu 1945 ku Cheongdo, chakumwera kwa Daegu kuno. Mu 1949, m'chipwirikiti chimene chinatsogolera nkhondo ya Korea, zigawenga zinapha bambo ake ndipo iye anaduka mkono wamanzere ali kamwana. Analeredwa ndi achibale. Kujambula anayamba potengera zithunzi za pa zotchingira zopinda zimene mabanja amaimika pa mwambo wokumbukira makolo. M'zaka za m'ma 1970 anapita ku Taiwan kukaphunzira ndi maso zojambula zakale za ku National Palace Museum.

Koma mbali imene ikuyankha funso la a Wapenti ndi iyi. Mu 1994 anapita ku New York dala, kukafufuza chimene anthu amatcha luso lamakono, poti kwawo aliyense ankangoti zamakono zamakono. Ambiri amene anayenda ulendo wotere anabwerako atataya inki, atagula penti wamafuta ndi kanivasi. Iye anabwerako n'kulunjika ku Gyeongju, likulu la ufumu wakale wa Silla, n'kukapempha malo ogona pa kachisi wa Bulguksa. Chojambula chake chachikulu cha Bulguksa m'chipale chofewa cha mu 1996 chinachokera pamenepo. Ndiye si munthu amene sanaone za kunja. Anaziona, n'kusankha kuti zimene waphunzirako, monga kukula, kulimba mtima podula chithunzi ndi kusiya mbali zina zili mdima wopanda mawonekedwe, azichita ndi zida za kwawo.

Mlonda_Usiku
Dzanja limodzi?? Ndiye pepala amaligwira bwanji? Ine ndi manja awiri ndimalephera kujambula ngakhale kapu.

Chisomo_Ndodo
Apa ndipemphe kuti tisakhalitsepo. Nkhani iliyonse ya munthuyu imayamba ndi mkono, ngati kuti chodabwitsa n'chakuti wolumala wagwira burashi. Ife olumala mawu amenewa timawadziwa, amamveka ngati kuyamikira koma mkati mwake muli chifundo chimene sitinapemphe. Chojambula chikakhala chabwino chikhale chabwino, chikakhala chofooka a Kachere achinyoze monga angachitire ndi cha wina aliyense. Pepala amaliyala pansi n'kulitsamiza ndi zolemera, monga amachitira ojambula a inki onse, a manja awiri omwe.

Mlonda_Usiku
Ndamva achemwali. Linali funso chabe.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndibwerere kwa a Wapenti, amene akuti ndawapatsa nkhwangwa. Nkhwangwayo igwireni bwino, ili ndi mbali ziwiri. Mukuganiza ngati kuti zamakono ndi katundu amene anapangidwa ku Paris ndi ku New York, ndipo wina aliyense ayenera kukamugula kumeneko kuti aloledwe kulowa. Maganizo amenewa anthu a ku Korea analimbana nawo kwa nthawi yaitali. Japan italanda dzikolo mu 1910, boma la atsamunda linayambitsa chionetsero cha chaka ndi chaka mu 1922, chimene chinagawa zojambula m'magulu, za kum'mawa kwina, za kumadzulo kwina, ndipo oweruza ambiri anali ochokera ku Japan. Wojambula wa inki amene ankafuna mphoto ankayenera kutsata kakomedwe ka oweruzawo. Ufulu utabwera mu 1945 panabuka mkangano wa mmene angachotsere fungo la Japan m'zojambula zawo, uku achinyamata akuthamangira penti wamafuta. Inki inayamba kuoneka ngati ya agogo.

Anthu monga Byeon Gwansik ndi Lee Sang-beom anapitiriza kujambula mapiri ndi midzi ya Korea m'nyengo yovutayo. Lee Ungno anatenga inki n'kupita nayo ku Paris, kumene anafika poisandutsa zilembo zosawerengeka ndi makamu a tianthu tothamanga. Park ndi wa m'badwo wotsatira. Chimene iye akunena ndi burashi yake n'chakuti mbewu ya zimene mukuzitcha zamakono inalipo kale mwa Jeong Seon, ndipo ntchito yake ndi kuikulitsa mpaka ifike pamene Jeong Seon sakanafika. Mukhoza kukana kuti wakwanitsa. Koma kunena kuti poti muzu ndi wakale ndiye nthambi ndi yakale, pamenepo ayi.

Kachere88
Aphunzitsi mwalankhula bwino, koma zimenezi ndi zimene amalemba m'timabuku ta pachionetsero. Ine ndikufuna chinthu chimodzi, chooneka ndi maso, chimene Park amachita chimene wa m'zaka za m'ma 1700 sakanachita.

NaPhiri_Daegu
Chilipo. Ali ndi zojambula za mbale ndi mitsuko yakale ya dothi. Mtsukowo amaujambula mwatsatanetsatane moti umayesa ndi chithunzi cha kamera, ming'alu yake, madontho ake, kuwala kwa pakhungu lake, zonse. Kenako pambali pake kapena pansi pake amalemba zilembo ndi burashi mothamanga, zakuda, zina zokhuthala zina zouma. Diso la kamera ndi dzanja la mlembi wakale papepala limodzi. Munthu amene sanaonepo chithunzi cha kamera sangaganize zimenezo. China ndi chojambula cha Samneung, nkhalango ya paini ya m'munsi mwa phiri la Namsan pafupi ndi kwawo: usiku wakuda, nsanja ya miyala, ndi mwezi umodzi wachikasu chowala ngati nyali ya magetsi pakati pa inki yonseyo.

Wapenti_wa_Limbe
Za mtsukozo ndazipeza. Eya, pamenepo pali kanthu. Koma ndiye mitsuko, osati mapiri. Funso langa linali pa mapiri.

Mayi_a_Tadala
Pepani ndilowerere. Kodi si yemweyu amene ana anakwera pa chojambula chake? Ndinaiona nkhaniyo.

NaPhiri_Daegu
Ndi yemweyo amayi. Munali mu 2021 ku Solgeo komweko. Chinali chipepala chachitali cha zilembo, cha mamita pafupifupi 20, chimene anachiyala kuchokera pakhoma kutsetsereka mpaka pansi popanda galasi. Ana awiri anakwerapo, wina mpaka kugonapo ndi kukwawa ndi mawondo, zilembo zina n'kufufutika. Bambo awo m'malo mowaletsa anatulutsa foni n'kumawajambula. Kamera za m'nyumbamo zinaonetsa zonse. Mtengo wa ntchitoyo ankauyerekeza pa 100 miliyoni won. Park atauzidwa anati asawaimbe mlandu, ndi ana, ndipo sanafune kuti banjalo lilipire.

Mayi_a_Tadala
Anawo ndilibe nawo mawu. Koma bamboyo! Ine Tadala akangogwira chinthu m'sitolo ndimamuyang'ana kamodzi, dzanja limabwerera lokha. Munthu wamkulu n'kumajambula mwana akupondaponda thukuta la mnzake?

Mbewe_Joni
Akanakhala a Wapenti, bamboyo akanagulitsa nyumba.

Wapenti_wa_Limbe
Akanagulitsa ndi ya apongozi ake yomwe.

Gogo_Nasimango
Inu mukuseka, koma mkuluyo anachita zanzeru. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akanawakokera kukhoti, ana amenewo akanakula akudana ndi nyumba iliyonse yokhala ndi zojambula. Komanso amene anayala chinthu cha mtengo wotere pansi, popanda chotchinga chokwanira, pamalo pamene pamalowa ana, nayenso ali ndi gawo lake.

Kachere88
Agogo, kukhululuka n'kosavuta ngati nkhaniyo ikukutchukitsa. Anthu ambiri ku Korea anamudziwa Park chifukwa cha ana amenewa.

Chisomo_Ndodo
A Kachere, inu munthu akakupatsani madzi mumayamba mwafunsa kuti akupindula chani.

Mlonda_Usiku
Ine chandidabwitsa n'chakuti ana awiri anakwera papepala koma silinang'ambike. Ndi pepala lanji limenelo?

Katswiri_wa_Mapepala
Funso limeneli ndi langa, ndinagwirapo ntchito yomanga ndi kukonza mabuku. Pepala la makolo la ku Korea amalitcha hanji, ndipo silipangidwa ndi phala la matabwa monga la m'makope athu. Amatenga nthambi za mtengo wa dak, wa m'banja la mabulosi, n'kuzifutsa ndi nthunzi kuti khungwa lisendeke. Amapala kunja kwakuda n'kutsala ndi luzi loyera la mkati. Luzilo amaliwiritsa m'madzi a phulusa, kulitsuka, kulitola zinyalala ndi manja, kenako kulisinja ndi zibonga mpaka litafewa. Amene anaonapo agogo akusula chiwondo ndi khungwa la mombo akudziwa chiyambi cha ntchito yotere, kungoti a ku Korea amapitirira: amasungunula luzilo m'madzi osakaniza ndi thelele lochokera ku mizu ya chomera china cha mtundu wa hibiscus, n'kumaliwola ndi kasefa ka nsungwi. Kasefako amakagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, choncho ulusi umapingasana mbali zonse. N'chifukwa chake silikhala ndi mbali yong'ambikira msanga. Pomaliza amalipondanso ndi chibonga kuti lisalale.

Umboni wa kulimba kwake uli pa Bulguksa pomwepo. Mu 1966, pokonza nsanja ya miyala ya Seokgatap, anapezamo kampukutu ka malemba a Chibuda kosindikizidwa ndi matabwa, ka m'zaka za m'ma 700. Zilembo zake zikuwerengekabe. Pa ntchito zazikulu amamatanso mapepala ena kumbuyo kuti chikhale chochindikala.

Inki nayo ndi mwaye wa paini kapena wa mafuta, wosakaniza ndi guluu wa zikopa, n'kuumitsa ngati kamtengo. Wojambula amakapera pamwala wosalala ndi timadzi. Ndipo a Wapenti mvetsani apa, poti inu ndi wa penti: inu mukalakwitsa mumadikira uume n'kupakanso pamwamba. Pa hanji inki imalowa mu ulusi nthawi yomweyo. Palibe kufufuta, palibe kukwirira.

Wapenti_wa_Limbe
Ndiye chipale chofewa cha pa kachisi chija anachipaka ndi chani, ngati alibe penti woyera?

NaPhiri_Daegu
Sanachipake. Choyera chonse mukuchiona pamadenga, pamasitepe a miyala ndi panthambi za paini ndi pepala lenilenilo. Anajambula mdima wozungulira, choyeracho n'kutsala chokha.

Wapenti_wa_Limbe
Hmm. Pa kukula kumene kuja? Ndiye kuti asanaike kadontho koyamba ayenera kudziwa malo onse amene burashi siyenera kufika, kuchokera kumapeto ena mpaka ena. Dontho limodzi pamalo olakwika, mamita onse aja atayika. Ameneyo ndi mmisiri, sindikana. Koma umisiri ndi zamakono ndi zinthu ziwiri. Kusiya pepala loyera m'malo mwa chipale kapena nkhungu ndi njira yakale, aphunzitsi anditsutse ngati ndikunama.

Mphunzitsi_Wopuma
Simukunama, ndi yakale kwambiri.

Lusungu_Leeds
Ndakhala ndikungowerenga. A Wapenti, ngati mukufuna wa ku Korea amene kusakaniza kwake zakale ndi zamakono kumaonekera patali, muoneni Lee Sea-hyun. Anabadwa mu 1967, anaphunzira ku Hongik kenako ku Chelsea College of Art ku London. Mndandanda wa zojambula zake wotchedwa Between Red uli ndi mapiri, zilumba ndi mitsinje yoyalidwa monga m'zojambula za Joseon, popanda malo amodzi amene diso likuonera, koma zonse ndi penti wamafuta wofiira yekhayekha pansalu yoyera. Iye amafotokoza kuti zinachokera pa nthawi imene anali msilikali pafupi ndi malire a North Korea, akuyang'ana mapiri usiku ndi magalasi oonera mumdima, amene amasandutsa chilichonse kukhala mtundu umodzi. Malo okongola koma oopsa. Ukayang'anitsitsa m'mapiri ake ofiirawo umapezamo nsanja za alonda, zombo zankhondo ndi nyumba zogumuka, ndipo zidutswa za kumpoto ndi za kumwera amazisoka pamodzi ngati dziko limodzi.

Kwa ine uyu ndiye akunena za Korea ya lero: dziko logawidwa ndi mpata wa makilomita 4 m'lifupi chiyambire 1953, limene anyamata ake amakakamizidwa kulowa usilikali. Park amajambula Korea yopanda waya waminga, yopanda nyumba zosanja, yopanda fakitale. N'zokongola, koma ndi Korea ya m'mabuku a alendo.

Wapenti_wa_Limbe
Eeh, uyu ndiye ndikumumva! Ukangoona kamodzi umadziwa kuti ndi munthu wa nthawi yathu.

Kachere88
Tsopano tikulankhula.

NaPhiri_Daegu
Lee Sea-hyun ndimamukonda, koma achemwali a ku Leeds mwamulakwira Park. Munthu amene bambo ake anaphedwa pa mkangano womwewo umene unagawa dzikolo safunika kujambula waya waminga kuti atikumbutse. Ndipo Geumgang imene amaijambula mobwerezabwereza ili ku North Korea. Maulendo a anthu a kumwera opita kuphiri limenelo anayamba mu 1998 n'kuimitsidwa mu 2008, msilikali wa kumpoto atawombera mayi wina mlendo. Park anakafikako n'kulijambula. Lero munthu wa ku Seoul akaima kutsogolo kwa chojambula chimenecho akuona phiri limene makolo ake analiimba ndi kulijambula kwa zaka mazana, koma iye sangapiteko. Ndale zili momwemo, kungoti sizikukuwa.

Chinanso, funsani kuti n'chifukwa chiyani wofiirayo mwamulandira msanga. Si chifukwa choti akugwiritsa ntchito penti wamafuta ndi kanivasi, zida zimene tonse tinaphunzitsidwa kuti ndizo za wojambula weniweni? Lee anatenga maonekedwe a kwawo n'kuwaika m'zida za ku Ulaya. Park anatenga zimene anaona kunja n'kuziika m'zida za kwawo. Onse awiri asakaniza. Koma woyambayo timamutcha wamakono osaganiza kawiri, wachiwiriyo timamufunsa ziphaso.

Lusungu_Leeds
Mfundo ya zida ndaimva. Komabe ine chojambula chimene chimandisowetsa mtendere ndimachiika patsogolo pa chimene chimanditonthoza. Za Park zimatonthoza.

Chisomo_Ndodo
Mwaonapo ng'ombe zake zolimbana zija? Ku Cheongdo kwawo kuli mwambo wolimbanitsa nkhunzi, ndipo anazijambula zitagundana mitu, inki ili mbwee. Palibe chotonthoza pamenepo.

Mbewe_Joni
Ine funso langa ndi la ndalama. Zimenezi zimagulidwa bwanji?

Kachere88
Msika uli kwa a penti wamafuta. Chojambula cha Kim Whanki cha timadontho tabuluu, Universe, chinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku Hong Kong mu 2019 pa ndalama zoposa 13 biliyoni won. Gulu la Dansaekhwa, la ojambula ndi mtundu umodzi wa penti monga malemu Park Seo-bo, ndilo ogula akunja amalithamangira. Zojambula za inki zimatsalira kutali pamtengo, ngakhale za akatswiri amene anamwalira kalekale.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye a Kachere mwadzitsutsa nokha. Poyamba mumati Park anakwezedwa ndi ndalama. Tsopano mukuti ndalama zili kwina. Munthu wofuna msika akanasiya inki mu 1994 ali ku New York.

Kachere88
Kukhala wamkulu pa msika waung'ono nakonso ndi nzeru ya malonda, aphunzitsi.

Gogo_Nasimango
Mwana uyu sagonja.

Mlonda_Usiku
Palinso wina ndinamuona pa YouTube, zojambula zakale zili pa TV, mwadzidzidzi chipale chikugwa, agulugufe akuuluka, nyumba zosanja zikumera kuseri kwa phiri. Ndi yemweyu?

Lusungu_Leeds
Ayi, ameneyo ayenera kukhala Lee Lee-nam, amagwira ntchito ndi makanema ndi makompyuta. Palinso Hwang In-kie amene amatenga zojambula zakale za mapiri n'kuzipanganso ndi tizidutswa ta Lego, ndi Minjung Kim amene amawotcha m'mphepete mwa hanji n'kumata zidutswazo mosanjikiza. Anthu ambiri kumeneko akulimbana ndi funso lomweli la a Wapenti, aliyense ndi yankho lake.

Mphunzitsi_Wopuma
A Wapenti, ndikufunseni za ntchito yanu, osati mwachipongwe. Mukamajambula Mulanje pansalu zogulitsa kwa alendo, mumajambula Mulanje wake uti?

Wapenti_wa_Limbe
Amene amagulidwa. Phiri kumbuyo, tiyi kutsogolo, amayi awiri ndi madengu, dzuwa likulowa. Ukasintha, nsalu imagona m'shopu mpaka kuchita fumbi.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiye kuti mukujambula phiri la m'maganizo a wogula, monga ankachitira a Joseon asanabwere Jeong Seon. Chambe ali ndi khoma la mwala limene ukaima pansi pake khosi limawawa, Sapitwa amakhala m'mitambo masiku ambiri, Likhubula ali ndi mathithi ake. Sindinaonepo nsalu ya m'mbali mwa msewu imene inandichititsa mantha monga phirilo limachitira.

Wapenti_wa_Limbe
Aphunzitsi, Park anali ndi Lee Kun-hee. Ine ndili ndi landilodi. Mundipezere wogula mantha, ndikujambulirani mawa.

Koma pa mkangano wathu ndiima apa. Mitsuko ija, inde. Kupinda mapiri mpaka munthu kumva chizungulire, mwina, ndikadzaona ndi maso. Chipale cha pa kachisi ndi umisiri woopsa koma ndi wakale, ndipo palibe wandisuntha. Pakati pa awiriwa, pakhoma langa ndingapachike wofiira uja.

NaPhiri_Daegu
Wofiirayo ndi wokwera mtengo, achimwene, landilodi adzakuthamangitsani.

Wapenti_wa_Limbe
Achemwali, zoseka pambali. Hanji imeneyo amagulitsa pa shiti imodziimodzi? Ndikufuna ndiyese ndione mmene imamwera inki. Ndi kamtengo ka inki kamodzi, kotchipa.

NaPhiri_Daegu
Amagulitsa, ku Insadong ku Seoul kuli masitolo a mapepala ndi maburashi okhaokha, ndipo kuno ku Daegu aliponso. Ndikafunsa mtengo. Vuto ndi kutumiza, chifukwa likapindidwa limasiya mzere, liyenera kuyenda lokulungidwa m'chipaipi. Mufunikanso mwala woperera, ndipo umenewo ndi wolemera.

Katswiri_wa_Mapepala
Mwala musavutike nawo, sileti yosalala imagwira ntchito poyeserera. Koma musayambe ndi burashi zanu za zikwangwani zija, n'zouma kwambiri, zidzakanda pepalalo. Muitanitse ya ubweya wa mbuzi.

Mbewe_Joni
Mbuzi zadzaza ku Lunzu, a Wapenti akamete okha.